Milamba ya Zikani

Antonio anali atapisa kale mkono mumgolo mpaka m'chigongono pamene mlongo wake Clotilda ankatuluka m'nyumba ya malemu. Madzi anagavira, mlamba wina unamupulumuka m'manja, iye n'kuseka.

"Yanenepa," anatero. "Mng'ono wanga ankaidyetsa kuposa mmene ankadzidyetsera yekha."

Linali tsiku lachitatu chiikireni Zikani m'manda, tsiku lometa. Abale a ku Tengani ndi ena a kutsidya kwa Shire anali akadali pabwalo, ndipo ndiwo zinali zitatha dzulo lake. Mumgolomo munali milamba isanu ndi iwiri yamoyo. Clotilda, mzime wa m'banjamo, anali atalonjeza Zikani ali pamphasa ya imfa kuti adzaibwezera m'madzi mwezi ukadzakhala wathunthu. Kunatsala tsiku limodzi lokha.

Zikaniyo anachoka ku Bangula ali wamng'ono, bambo awo atangomwalira. Anamutenga ndi anthu a chipembedzo cha Chibuda amene ankalera ana amasiye, ndipo atakula anapita kukachisi wawo ku Joni. Kumeneko anakhala zaka zisanu ndi zinayi pakati pa amonke, amuna osakwatira osunga malamulo oposa mazana awiri. Anabwerera kwawo mayi awo atayamba kudwala, atanyamula chikwama cha mabuku, mutu uli mpala. Mkanjo anavula, koma malamulo ena anakana kuwavula: osapha chamoyo, osalawa mowa, osadya kanthu dzuwa likapendeka.

Munthu wosapha nsomba m'mudzi wa asodzi amaseketsa, ndipo anamuseka mpaka kumutcha Mchaina. Koma mpala uja sunaseketse aliyense. Kwathu kuno timameta pakagwa maliro, ndiye munthu wometa mwezi ndi mwezi akulira yani? Mayi atamwalira, yankho linapezeka msanga: Zikani anaitana imfa ndi mutu wake. Antonio analumbira pamanda kuti chilichonse chochokera kwa mng'ono wakeyo, ngakhale mchere, sichidzalowa m'nyumba mwake ngati mphatso.

Koma malonda sadziwa chidani. Mwezi uliwonse usanakhale wathunthu, Zikani ankagula milamba yamoyo kwa Antonio ndi dengu la mapira, ukakwana n'kukaimasula m'thamanda la kuseri kwa munda wake, akuwerenga mawu a m'mabuku ake aja. Mwezi uno, wa Meyi, ndiwo unali waukulu kwa iye, wokumbukira kubadwa kwa Buda. Chibayo chinamutenga tsikulo lisanafike.

Clotilda anagwada pafupi ndi mgolo. Anauza Antonio kuti nandolo alipo chidebe chonse, kuti athyola chisoso ndi kholowa, kuti anthu akhuta ndithu. Anapempha tsiku limodzi lokhalo.

"Anthu ameta mitu chifukwa cha iye, ndiye adye nandolo?" anafunsa Antonio.

"Achimwene, ndinamulonjeza. Anandigwira dzanja."

"Nkhabe, sizitheka. Wakufa salamula zamumphika."

Akanangokana n'kulekera pomwepo, mwina Clotilda akanapirira. Koma Antonio anali munthu woti akaona anthu asonkhana, lilime limamuyabwa. Anatembenukira kubwalo, kumene malume Lorenso ankapukuta lumo pabondo, n'kunena kuti ali ndi nkhani yoti apepukitse nayo mitima. Anafotokoza kuti thamanda lija limatulukira kudambo ndi kangalande kamodzi kopapatiza. Pakamwa pa kangalandeko iye ankatchera mono. Mchaina akamasula nsomba zake masana, akuimba zachilendo zakezo, pofika m'mawa zinali zitadzaza mono. Ankazisunga m'dziwe lake kuseri kwa nyumba, mwezi wotsatira n'kukamugulitsanso zomwezo.

"Zaka zinayi," anatero Antonio, akuonetsa zala. "Nsomba zomwezomwezo. Munthu wowerenga mabuku a ku China, koma wosazindikira mlamba wake womwe."

Anthu anaseka, poyamba mobisa, kenaka momasuka. Malume Lorenso anaseka mpaka kutsokomola, nati sukulu yambiri imauma mutu. Amene ankasekawo anali ndi mitu yometedwa kumene chifukwa cha munthu yemwe ankamusekayo, ndipo palibe anachita manyazi. Mabel yekha, mkazi wa Antonio, anayang'ana pansi.

Antonio anagwetsa mgolo ndi phazi. Madzi anamwazika, milamba n'kuyamba kuphiriphitha m'fumbi. Mlamba sufa msanga, umafuna chibonga chapamutu, nthawi zina kawiri. Antonio anatola chikuni. Clotilda anagwira mkono wake, iye anamukankha, mkaziyo n'kugwera m'matope, chitenje chonse chitanyowa. Palibe anadzuka kudzamuwutsa. Clotilda anakhala momwemo akumva chikunicho chikulira pamitu ya nsomba, mtima ukumuwawa kuposa tsiku loika maliro, poti tsiku lija analibe chimene akanachita, koma lero anali atalonjeza.

Mlamba wotsiriza unali waukulu, wa ndevu imodzi yoduka. Antonio anaunyamula m'mwamba kuti onse auone, nati umenewu wokha wamubweretsera mapira osachepera kakhumi. Anaumenya katatu, n'kuuponya pamiyendo ya Clotilda, namuuza kuti atenge mpeni aitumbule, poti ndiye amadziwa kusamalira zinthu za malemu.

Clotilda anadzuka, koma mpeni sanautenge. Analowa m'nyumba ya Zikani, ndipo anthu anaganiza kuti wapita kukalira. Anatuluka atanyamula dengu lodzaza mapira, opetapeta bwino, lophimbidwa ndi kansalu. Analitula pamapazi pa Antonio, pambali pa nsomba zakufazo.

"Wa ndevu yodukayo ankaudziwa," anatero. "Yonse ankaidziwa, ndipo mono wanu anauona mwezi woyamba womwe."

Clotilda anapitiriza ndi mawu otsika. Anati iye mwini anafunsapo Zikani chifukwa chake sakamasulira nsombazo kumtsinje waukulu, kutali ndi mono. Zikani anamuyankha kuti kumtsinje zikagwa mu ukonde wa munthu wina n'kuphedwa tsiku lomwelo, pamene achimwene sangaphe nsomba imene akudziwa kuti aigulitsanso. Anatinso chaka cha madzi osefukira chija ana a achimwene ankagona ndi njala, ndipo mapira ake analibe khomo lina lolowera m'nyumba imeneyo.

"Ankati nsomba sizikufa, ana akudya, ndiye wapusitsidwa ndani?"

Antonio anayang'ana anthu, kufuna woti aseke naye. Malume Lorenso anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi lumo lawo. Antonio analavula malovu pambali, nati ngati zinali choncho ndiye kuti malemu anali chitsiru kawiri. Mawuwo anatuluka, koma chikuni chinali chitamugwa m'manja.

"Nanga awa ndi achiyani?" anafunsa, akuloza dengu ndi chibwano.

"Anapeta yekha, akutsokomola kale. Anati ine ndikaimasula mawa, inu mudzabweranso nayo kudzagulitsa, ndiye musadzabwerere chimanjamanja."

Ntchentche zinali zitayamba kale kutera pamilamba. Patapita kanthawi Mabel anadzuka, nadutsa mwamuna wake osamuyang'ana. Anagwada pamatope paja, nasenza dengulo ndi manja awiri, poti kunyumba kwake ufa unali utatha kuyambira Lachisanu.