Tcheni Chatsopano cha Domingos

Domingos anafika ku Nkope nkhondo ya ku Mozambiki itafika povuta, atavala malaya amodzi, akukankha njinga yakuda imene inkaoneka kuti inabadwa kale kuposa mwini wake. Abale ake anabalalika tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, ndipo nkhani imeneyo sankakonda kuikamba. Anayamba kupikula usipa n'kumakagulitsa kumtunda, ndipo m'kupikulamo mtima wake unagwera Halima, mayi wamasiye amene ankayanika nsomba pathandala la pafupi ndi mlambe. Halima naye sankabisa. Ankamuwonjezera usipa mpaka ogula anzake kuyamba kung'ung'udza.

Vuto linali amalume ake a Halima, Che Amidu, munthu wathupi lake, wodwala mwendo koma pakamwa pali bwinobwino. Za tchalitchi ndi mzikiti iwo anati zimenezo n'zokambirana. Chimene ankakanira chinali china.

"Munthu anathawa kwawo, kuno angalephere kuthawa?" ankatero. "Tsiku limene zinthu zidzavute, mwana wanga adzangoona fumbi la njinga."

Tsono kwa Mponda kunali sadaka ya mnzawo wakale wa Che Amidu, ndipo mwendo uja sukanawafikitsa. Domingos anaona kuti mwayi ndi womwewu. Anadzipereka kuti awanyamula, ndipo nkhalambayo inavomera mokhala ngati ikumuchitira chifundo.

Dzulo lake Domingos anapita ndi njinga kwa Sefu, wokonza njinga pansi pa mango. Ankafuna tcheni chatsopano, chonyezimira, choti mpongozi akachiona adziwe kuti wakwera njinga ya munthu wolongosoka. Sefu ananjuta, nazunguza pedulo chambuyo, kenako anapukusa mutu.

"Tcheni chatha, inde, chatamuka. Koma taona mano a filiwilo kumbuyoku. Asongoka onse, apindika ngati mbedza. Ziwirizi zakalamba limodzi, n'chifukwa chake zikumvanabe. Ukaika chatsopano pa mano amenewa chizidumpha. Sintha zonse, kapena usiye zonse."

"Filiwilo amaiona ndani, achimwene?" anafunsa Domingos.

Munthu wachikondi ukamamulangiza umangotaya malovu. Anagula tcheni, belu, galasi loonera kumbuyo, ndi kakhushoni kofiira ka pakeliyala. Filiwilo anaisiya momwemo. Anayesa njinga kuzungulira mtengo wa mango, ndipo popeza inalibe katundu, inayenda myaa, osadandaula. Domingos analiza belu momunyodola Sefu, ulendo wa kunyumba.

M'mawa mwake kunacha mvula itagwa yokwanira. Che Amidu anatuluka atavala mkanjo woyera mbee, ndi kofia yopeta imene ankaisungira masiku akuluakulu. Atakhala pa khushoni, tayala lakumbuyo linachita ngati likupempha chikhululukiro. Halima anaima pakhomo, mtima uli m'mwamba, kuwayang'ana mpaka anakhota.

Pachidikha zonse zinali bwino. Che Amidu anafika mpaka poyamikira galasi, poti ankadzionamo ndevu. Koma patsogolo panali kamtunda kokwera pamlatho, ndipo Domingos, posafuna kunena kuti akuluwo atsike, anaimirira pa mapedulo n'kuponda ndi mphamvu zake zonse.

Phaa! Pha-phaa!

Tcheni chinadumpha mano aja n'kumenya chitsulo chochitchinga, pedulo inangopita pansi yopanda kanthu. Koma Domingos sanamve tcheni. Phokoso loterolo analimva kale kwawo, ndipo thupi lake silinadikire kuti mutu uganize. Anasiya njinga, anawagwira Che Amidu m'chiuno, nagwa nawo m'ngalande ya m'mbali mwa msewu. Anawagonera pamwamba, dzanja litakanikiza mutu wawo m'matope.

"Gonani, bambo! Musadzutse mutu! Gonani!"

Kunali zii. Chimene chinkamveka ndi tayala lokha la njinga likuzungulira pamsewu, ndi achule amene anasokonezedwa pa msonkhano wawo. Kofia inali kuyandama pang'onopang'ono kulowera kunsi kwa mlatho.

Amayi ena amene ankapita ku sadaka komweko, mapoto a mpunga ali pamutu, anaima n'kusuzumira. Mmodzi wa iwo, Abiti Ajira, amene sanaphonyepo mwayi woyankhula, anafunsa mwaulemu wonse:

"Kodi Che Amidu, milamba ikugwidwa m'menemo?"

Chiseko cha amayiwo chinamveka mpaka kunyanja. Apa m'pamene Domingos anadzutsa mutu, naona njinga, naona tcheni chili lende, nazindikira. Anachita manyazi oti akanatha kulowa m'matope momwemo, ndipo mumtima anadziwa kuti Halima wamutaya. Ndani angapereke mwana wake kwa munthu wogwetsa akuluakulu m'ngalande chifukwa cha tcheni?

Che Amidu analavula thope, nalavulanso.

"Astaghafirullah! Iwe, chimene chalira chija n'chiyani?"

"Tcheni, bambo. Sefu anati ndisinthenso filiwilo, ine n'kukana."

"Nanga iwe umayesa chiyani?"

Domingos anayang'ana kumbali. "Mfuti, bambo."

Amayi aja analeka kuseka. Che Amidu anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi, poti linalo linali litamatidwa ndi thope.

"Ndiye wamva mfuti. Tchire lili apo, miyendo uli nayo iwiri yabwinobwino. Bwanji sunathawe?"

"Inu ndi mwendo wanuwo simukanathamanga."

Madzi ankalowa m'makutu mwa nkhalamba ija. Kenako inapuma mwamphamvu.

"Lachisanu tikatuluka mu mzikiti ubwere kunyumba, tidzakambe za Halima. Wokuyankhulira ulibe, ndikudziwa. Utenge Sefu yemweyo, poti pa awirinu wanzeru ndi iyeyo. Ndipo mwana wanga asakwere chinthu icho mpaka mano ovundawo atachoka."

Misozi ya Domingos inkatsika, kudontha pa mkanjo umene sunalinso woyera.

"Tsopano choka pamimba panga, mkamwini," anatero Che Amidu. "Nkhondo yatha, ukundithyola nthiti."