Jakisoni Si Chikwapu

Mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu, amene kunyumba timangomutcha Loya chifukwa chokonda kutsutsa, anatsegula m'mimba ndi kusanza masiku awiri. Tsiku lachitatu m'mawa maso anali atalowa m'kati, milomo itauma gwa, ndipo chilichonse chimene tinkamumwetsa chinkabwerera. Ine ndi bambo ake tinathamangira naye kuchipatala, kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi.

Dokotala anamutsina khungu la pamimba, khungulo n'kuchedwa kubwerera.

"Madzi amuthera m'thupi," anatero. "Aikidwe diripi pompano."

Namwino wachitsikana atangotulukira ndi kambale ka singano, mwana amene ankalephera kudzutsa mutu uja anapeza mphamvu. Anakuwa, anaponya miyendo, anakakamira chitsulo cha bedi.

"Make Loya, gwira manja, ine ndipana miyendo," anatero bambo ake.

Tinamupanikiza ngati thumba la chimanga. Namwino anabaya, mwana anadzipotokola, singano inaphonya, dzanja n'kutupa. Anayesanso pena, zomwezo.

Pamenepo panafika namwino wamkulu, mayi wamfupi wa imvi zapatalipatali.

"Tamusiyani kaye. Si mbuzi imeneyo," anatero mosakweza mawu. Anayang'ana manja onse awiri a mwana, kenako anationetsa ndi chala. "Mitsempha yake yaphwa. Wooneka bwino watsala uwu wokha. Tikauwononga, tivutika kwambiri, ndipo madziwo achedwa kulowa."

Ndinkaganiza kuti aitana anthu ena odzathandiza kumugwira. Koma anakoka kampando, n'kukhala pansi mpaka maso ake analingana ndi a mwana.

"Iwe mama, ukuopa chiyani? Ndiuze ine."

Loya anayankha akusisima: "Singano yanu ndi yaikulu kuposa yosokera matumba. Amayi anatero. Mumabaya ana osamvera. Koma ine sindinalakwe."

Ndinasowa poyang'ana. Ine ndine telala. Pashelefu ya makina anga pamakhala chisingano chachitali chosokera matumba. Loya akakana kusamba kapena akaseweretsa sizasi, ndinkachinyamula m'mwamba n'kunena kuti, "Ya adokotala imaposa iyi. Pitiriza uone!" Ankangoti zii, ine n'kumadziona ngati wochenjera. Tsiku limenelo ndinaona kuti mantha amene ankamulepheretsa kulandira thandizo ndinawasoka ndekha.

"Si inu nokha, mayi," anatero namwino wamkuluyo. "Tsiku lililonse ndimalandira ana amene anauzidwa kuti ndine chilombo."

Anatenga kasingano kena n'kumuonetsa. "Taona. Kakufanana ndi ya matumba?"

Loya anakayang'anitsitsa. "Ayi. N'kakang'ono."

"Komanso sikakhalamo. Kamangotsegula njira, n'kutuluka. Kotsala ndi kapaipi kofewa aka. Takagwira."

Loya anakapinda ndi chala. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa: "Zipweteka?"

"Ayi, mwananga, sizi..."

"Mayi, musamunamize," namwino anandidula. "Zipweteka pang'ono, mama, ngati wakuluma linthumbu, kenako zitha. Kulira ndi kololedwa. Ntchito yako ndi imodzi: dzanja ili lisagwedezeke." Anatembenukira kwa ife. "Alipo mankhwala opaka ochititsa dzanzi, koma amafuna nthawi kuti agwire. Lero sitingadikire."

Anandikhazika pampando, n'kumuika Loya pamiyendo panga, chifuwa chake chitagunda changa ngati ndikumutonthoza kunyumba. Dzanja analigoneka papilo, namwino wachitsikana uja n'kuligwira mofatsa.

"Ukufuna kuona, kapena uyang'ane kwa adadi?" namwino wamkulu anafunsa Loya.

"Kwa adadi."

"Bambo, ntchito yanu nayi." Anawapatsa gulovu yatsopano. "Uzirani."

Mwamuna wanga, munthu wokonza magalimoto amene saseka wamba, anafufuma masaya pakati pa chipinda chodzaza anthu. Gulovu inatupa, zala zisanu zili njo.

"Taona ng'ombe ya adadi ako," anatero namwino akupukuta dzanja ndi thonje. "Mawere asanu. Ng'ombe zonse zimatero."

Loya anadzutsa mutu pachifuwa panga. "Bodza! Ng'ombe ili ndi anayi."

"Asanu, mama. Funsa adadi."

"Asanu," anavomereza bambo ake, nkhope ili gwa.

"Anayi! Ndinawerenga ndekha... Mayo!"

Thupi lake linanjenjemera kamodzi. Msozi unatsika. Ndinamukumbatira, ndikumva kamtima kake kakugunda pa ine. Dzanja silinasunthe. Nditasuzumira, namwino anali akumata kale pulasitala, madzi akudontha m'kapaipi, dontho ndi dontho.

"Anayi," anamaliza Loya motsitsa.

"Wawina mlandu," anatero namwino. "Ndipo dzanja unaligwira ngati munthu wamkulu."

Ine ndagwira singano zaka makumi awiri, koma sindinaonepo dzanja laluso ngati la namwino wamkuluyo. Anthu atatu akuluakulu tinalephera ndi mphamvu zathu zonse. Mayi mmodzi anatha ndi kampando, gulovu ndi chilungamo. Bambo ake anangoima, ng'ombe yawo ili m'manja, akupukusa mutu.

Pofika masana maso a Loya anayamba kubwerera, ndipo anapempha madzi. Namwino wamkulu akudutsa, mwana anamukoka diresi.

"Simunaname. Zinali ngati linthumbu."

"Ukadzabweranso udzandikhulupirira?"

"Eya. Koma za ng'ombe munanama."

Pabedi loyandikana nafe panali mayi wa khanda lofunika kutengedwa magazi. Ndinamva namwino yemweyo akumuuza kuti, "Muyamwitseni ndikamabaya, ululu umachepa." Khandalo linangolira pang'ono, n'kubwerera kubere.

Titatuluka m'chipatala, chisingano chija ndinachitsekera m'kabati. Chimatuluka pakabwera thumba lofuna kusoka basi.

Makolo anzanga, jakisoni si chikwapu. Musaopseze mwana ndi dokotala, chifukwa tsiku lina moyo wake udzadalira singano yomweyo. Tsikulo likafika, muuzeni zoona, mukumbatireni m'malo momupanikiza, mupatseni chomutangwanitsa, ndipo funsani achipatala ngati pali chochepetsa ululu. Mwana amene sananamizidwe amatambasula dzanja yekha.