Mizere Isanu ndi Iwiri ya Achemwali a Pawindo

Madalaivala onse a pa depoti ankamutchula kuti Achemwali a Pawindo, ngakhale aimvi omwe akanatha kumubala. Anayamba ntchito ngati kondakitala. Bondo litayamba kuvuta, anamuika m'kaofesi momwe munali kompyuta, makina osindikizira ndi fani yolira ngati bemberezi.

Ntchito yake yaikulu inali kudikira. Masana alionse likulu la kampani linkatumiza fayilo ya ndandanda ya mawa: dalaivala uyu, basi iyi, msewu uwu. Koma fayiloyo inalibe nthawi. Lero igwe mufoda ya pakompyuta thu koloko, mawa faifi itadutsa. Iye ankangoti kudina, kuyang'ana, kudinanso, madalaivala atatsamira pawindo.

"Yafika, achemwali?"

"Ikudzola mafuta, ikubwera."

"Mkwatibwi ameneyu atipha ndi njala!"

Ngakhale kuchimbudzi ankapita chothamanga.

Mlamu wake, wokonza makompyuta pasukulu ina, ndiye anamuonetsa zenera lakuda la pakompyuta lolembamo malamulo. "Mlamu, makinawa alibe msana woti n'kuwawa," anatero. "Auzeni azidikira okha." Anamubwereka buku lothothoka chikuto, koma kumulembera malamulowo anakana.

Milungu itatu Achemwali ankadya nkhomaliro buku lili pamwendo. Mapeto ake analemba mizere isanu youza kompyuta kuti: suzumira mufoda, ngati fayilo mulibe, gona theka la mphindi, udzuke usuzumirenso, ikapezeka, isindikize, ulize belu.

Tsiku loyamba belu linalira iye ali panja, akuwongola miyendo. Analowa akumwetulira, n'kumata pepala pabolodi osaliwerenga. Sanadziwe kuti makina anaigwira fayiloyo ikadali kulowa, ndipo mayina a m'munsi anaduka. Dalaivala wamkulu pa onse, amene anzake ankamuti Madala, atasowa dzina lake anaganiza kuti wapatsidwa tsiku lopuma. M'mawa mwake basi yake inangoti zii pabwalo, anthu akuuma m'masiteji.

Bwana wa depoti sanachulutse mawu. "Nzeru zanuzo zithere pompano. Bwererani kodina."

Zimenezo Achemwali anapirira. Chomwe chinamulasa mtima ndi Madala, amene anabwera pawindo chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, zaka makumi atatu sindinajombepo. Lero ndajomba ndili bwinobwino."

"Pepani bambo. Mlandu ndi wanga, osati wanu. Abwana ndawauza kale."

Achemwali sanamuimbire foni mlamu wake. Anakhala pampando, nalingalira kuti anachita ngati munthu wochotsa ndowa pampopi madzi akutsikabe. Anawonjezera mizere iwiri: yeza kukula kwa fayilo, dikira pang'ono, uyezenso, ngati sikukulanso, ndiye yakwana. Sabata yathunthu ankadina ngati kale, uku kapulogalamu kake kakugwira ntchito chamseri, ndipo tsiku lililonse ankafananitsa mapepala awiriwo dzina ndi dzina. Sanasiyane olo chilembo. Lachisanu anawaunjika patebulo la bwana. Bwanayo anawerenga, anakanda chibwano, n'kungoti, "Chabwino, koma muziwerenga musanamate."

Patatha miyezi iwiri kunabwera katswiri wa makompyuta wochokera kulikulu, tayi ili pakhosi. Ankafuna kudziwa chifukwa chake depoti iyi yokha inasiya kuimba foni yofunsa za ndandanda. Anakhala pampando wa Achemwali, nawerenga mizere ija kawiri.

"Analemba izi ndani?"

Bwana anatsegula pakamwa, koma Achemwali anamutsogolera. "Ndine."

"Munaphunzira kuti?"

"Pampando mwakhalapopo."

Pawindo panabuka chiseko. Katswiri uja sanaseke. Analoza mizere iwiri yomaliza. "Apa ndi pomwe ambiri timagwa. Munadziwa bwanji?"

"Ndinagwapo, bambo. Mufunseni uyo wachipewayo."

Madala anakweza chipewa m'mwamba ngati wagoletsa chigoli.

Katswiriyo ananena kuti atumiza kapulogalamuko kumadepoti ena asanu ndi imodzi, ndipo pamwamba pake payenera kukhala dzina la mwini wake. Achemwali analitchula chilembo ndi chilembo, mokweza, kuti ndi a pawindo omwe amve.

Mwamuna wake atafika kunyumba kuchokera kuntchito, anaimva nkhaniyo katatu asanavule nsapato. Ulendo wachinayi anaifotokoza yekha kwa aneba, pampanda, ndipo madepoti aja anali atafika makumi awiri.