Pulani ya Kalavati ya ku Rugare

Nkhani iyi anandiuza ndi Chabwera, mkulu wina wosoka nsapato amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi yochokera ku Mbare, ine ndili pa maulendo angawa osatha. Akuti iye ndi eni nkhaniyi, banja la Maliko, ankakhala makomo oyandikana ku Rugare, komboni ya anthu ogwira ntchito pa njanji.

Chinali chaka cha 1977, nkhondo yomenyera ufulu itafika poipa. Loweruka lina masana Maliko anaweruka ku ntchito yake ya pa njanji, n'kupeza tebulo lonse litakutidwa ndi chipepala chachikulu. Mwana wake Yoramu, amene ankaphunzira za uinjiniya ku yunivesite, anali ataweramira pomwepo, pensulo ili kukamwa. Mayi ake, Tecla, ankasankha nyemba pansi chifukwa patebulo panalibe malo.

"Lero tidyera pamwendo, bambo a Yoramu," anatero Tecla. "Injiniya walanda nyumba."

Maliko anaseka n'kusuzumira. Kuwerenga kwake kunali kwa apo ndi apo, koma chithunzi sichifuna sukulu. Anaona mizere iwiri ya njanji, pansi pake khomo la kalavati, m'mbali manambala ang'onoang'ono ngati nyerere. Penapake panali pozunguliridwa ndi inki yofiira. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Iwe, iyi si kalavati ya kuseri kwa tchalitchi?"

"Ndi yomweyo, bambo. Aphunzitsi anati aliyense ayeze chomangidwa chenicheni, achijambule, awerengere madzi odutsapo ndi katundu amene chingasenze. Ndinayeza ndi tepi Lamlungu lina."

"Nanga pofiirapa?"

"Apo ndi pofooka."

Maliko anakatseka chitseko. Anasuzumira pawindo, n'kukhala, n'kuimiriranso. Mwezi womwewo anyamata a kutchire, omenyana ndi boma la azungu, anali ataphulitsa njanji kwinakwake, ndipo apolisi ankasecha mabasi opita kutauni, makamaka zikwama za ana a sukulu.

"Masamu onsewo, mutu ulibe? Wajambula njanji ya boma, n'kulemba pofooka ndi inki yofiira! Ukafika pa rodibuloko ukanena kuti chiyani? Kuti ndi homuweki?"

"Ndi homuweki kumene."

"Adzakuyankha ndi chingwe! Ine adzandichotsa ntchito, nyumba ino ndi ya njanji, atikweze lole mpaka kwathu ku Dedza kumene ngakhale mbuzi sizikundidziwa. Mayi a Yoramu, koleza mbaula."

Yoramu anayala manja ake pa pepala. "Bambo, masabata atatu ndikugwira ntchito imeneyi. Ikufunika Lolemba. Ndikapanda kupereka ndalephera chaka, ndipo ife akuda tilipo owerengeka m'kalasi muja. Akandichotsa sindibwereranso."

"Bola kulephera uli moyo."

Tecla anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana mwana, kenako anatuluka kukakoleza moto, koma ankakupiza pang'onopang'ono ngati makala ndi onyowa.

Maliko anakankha manja a mwanayo n'kuyamba kukulunga pepala. Atafika pakati anaima. Analifunyululanso pang'ono, n'kuloza ndi chala chake chakuda ndi girisi.

"Nambala iyi ikuti chiyani?"

"Kutalika kwa khomo, kuchokera pansi. Mita imodzi. Mafiti atatu ndi pang'ono."

"Bodza. Ndi mafiti asanu."

"Ndinayeza ndekha, bambo."

"Unayeza matope! Mchenga wadzaza m'menemo zaka makumi awiri. Pansi penipeni pali konkire, ndinaipondaponda ine ndi mapazi awa, iwe usanabadwe. Ndinkalowamo chongowerama pang'ono." Anakoka mpando n'kukhala. "Nanga timizere iti ta m'denga mwake?"

"Ndi zitsulo za m'kati mwa konkire. Sizioneka, ndiye ndinatenga zimene buku limanena."

"Buku linalipo tsiku limenelo? Tinaikamo njanji zakale zisanu ndi imodzi, zathunthu, tinanyamula anthu asanu ndi atatu iliyonse. Mnzanga Yosiya anathyoka chala pomwepo. Ndiye iwe ukubwera ndi inki yako yofiira kudzati ntchito yanga ndi yofooka?"

Yoramu anatenga rula yake yowerengera masamu, n'kuikoka uku ndi uku, milomo ikugwedera. Analemba, anafufuta, analembanso.

"Ngati zili njanji zisanu ndi imodzi, ndiye kuti ingasenze sitima ziwiri pamodzi."

"Zitatu," anatero Maliko.

"Koma ngati khomo ndi mafiti asanu, madzi sayenera kubwerera. Ndiye kuti chimene chimadzaza msewu wathu dzinja lililonse ndi mchenga uja basi."

Tecla anaima pakhomo, chokupizira chili m'manja. "Moto wayaka. Ndibweretse, kapena muuze kapitawo wanu atumize mafosholo? Zaka zonsezi ndikukapa madzi m'nyumba muno, kani nkhani yake ndi mchenga!"

Maliko anadzuka, anazungulira tebulo kawiri, anakasuzumiranso pawindo. Mantha aja anali pomwepo, sanachoke. Koma tsopano akatseka maso ankaona mzungu wa ku yunivesite akuwerenga kuti kalavati ya ku Rugare ndi yolimba, ndipo akayang'ana mbaula ankaona mwana wake akupempha ntchito ya ukalaliki m'mafakitale a ku Msasa.

"Konza manambalawo," anatero potsiriza. "Chofiiracho uchipale ndi lezala. Ndipo pepalali sunyamula iwe."

Lolemba m'mawa Maliko anavala ovolosi yake ya ntchito ndi chipewa. Anakulunga pulani ija pa ndodo ya mbendera yake yofiira yoimitsira sitima, n'kukulungiza nsalu pamwamba, n'kumanga ndi kachingwe monga ankachitira masiku onse. Yoramu anakwera basi yoyamba ndi mabuku okha. Bambo ake anakwera yotsatira. Pa rodibuloko wapolisi anakhuthula zikwama za anthu, anayang'ana chitupa cha Maliko, anagwira mbendera ija n'kumubwezera.

"Mwasochera, madala. Kuno kulibe njanji."

"Ilipo, bwana, ikubwera," anatero Maliko.

Anakumana pa geti la yunivesite. Maliko anamasula mbendera, anapereka pepala, ndipo sanalowe. Anabwerera wapansi mtunda wonse chifukwa miyendo inkakana kukhala m'basi.

Chabwera anathera pamenepo, n'kutsika pa siteji yake. Ine, poti mapazi anga samva, ndinapita ku Rugare kukaiona kalavatiyo. Ndinaipeza, yodzaza mchenga mpaka m'chiuno. Zoti Maliko anakonza masamu a mwana wake ndikuzikhulupirira. Koma zoti munthu wamantha chotero anayankha wapolisi mawu amene aja, izo ndikukayika. Ndikuganiza kuti anangolandira mbendera yake n'kumapita, ndipo mawuwo anawawonjezera ndi Chabwera.