Pasiwedi ya a Dalaivala

"Yaimanso!" anakuwa mayi Telala ali m'shopu, foni ili m'manja. "Bambo, talowani mudzaone ntchito yanu."

A Dalaivala anasiya dilafuti pakati n'kulowa akukhwekhwereza patapata. Pafonipo panali mwana wawo wamkazi, kukamwa kuli yasa, osagwedezeka ngati chithunzi cha pachitupa. M'manja mwake munali khanda lokulungidwa m'shawelo, koma nkhope ya khandalo inali timabokosi tokhatokha. Ameneyu anali mdzukulu wawo woyamba, wobadwira kutali kumene mwanayo anakwatiwa, ndipo chibadwire agogo ake anali asanamuone bwinobwino. Lero aone khutu, mawa kachipewa, kenako foni n'kuduka.

"Ndi mitambo imeneyi," anatero a Dalaivala.

"Mitambo yake iti? Kunja kuli ngwee! Mitambo yanu ndi iyo yakhala pabenchi apo."

Pabenchi panalidi anthu. Ometa a pafupi analipo, anyamata owotcherera zitsulo analipo, ena anatsamira khoma, ena anakhala pamatayala akale, onse mitu ili pansi ngati nkhuku zotola chimanga.

Onsewa ankagwiritsa ntchito waifai ya m'shopumo pamafoni awo. Waifaiyo anaika ndi mwana wawo yemweyo asanasamuke, kuti mayi ake azilandira zithunzi za madiresi kwa makasitomala, komanso kuti azionana pavidiyo. Nthawi imeneyo a Dalaivala anali atangopuma ntchito ya mabasi. Munthu wozolowera phokoso la injini ndi mikangano ya apaulendo, tsopano ankangokhala pabenchi panja pa shopu ya akazi awo, kuwerenga ntchentche. Kusungulumwa kunkawadya, ngakhale pakamwa sankanena. Amene ankabwera madzulo aliwonse anali a Kalipentala okha, mkulu wosayankhulayankhula, atakolekera bolodi la dilafuti m'khwapa.

Tsiku lina ometa anapempha pasiwedi. A Dalaivala anaitchula monyadira, pakuti inali nambala ya basi yawo yakale. Ometa anauza owotcherera, owotcherera anauza alamu awo, ndipo mwezi usanathe benchi linachepa. Ankawatcha "bwana wa netiweki." Iwo ankasimba za milatho yokokoloka ndi mabuleki othawa pachitsikira, anthuwo n'kumavomera "eya, eya" maso ali pafoni. Ankasekanso nthawi zina, kungoti pamalo posaseketsa. A Dalaivala zimenezo sankaziona, kapena tinene kuti sankafuna kuziona.

Loweruka mayi Telala anaitanitsa mphwawo wa a Dalaivala, mwana wa mlongo wawo, mayi wachitsikana amene ntchito yake inali yolumikiza makompyuta m'maofesi. Anafika ndi kachikwama kumsana, napereka moni, n'kufunsa kumene kunali rauta, kabokosi kaja kotulutsa waifai. Anakapeza pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, katavala kadiresi ka maluwa.

"Azakhali, mwakasokera yunifolomu?"

"Fumbi, mwanawe. Chinthu chodula chisamakhale chamaliseche."

Mphwayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anakavula, n'kukaika pamwamba pa shelefu kuti kazipuma komanso kazifika patali. Kenako anatsegula laputopu, nayang'ana kanthawi, n'kuimba kamluzu.

"Malume, basi yanu ija mukaidzaza mpaka padenga, ena n'kulendewera pakhomo, chitunda inkakwera?"

"Inkalira ngati ng'ombe. Giya wani mpaka pamwamba."

"Ndiye izi. Kabokosi aka ndi basi. Msewu wonse wakwera, ena akutsitsa mafilimu, ena mpira. Mdzukulu wanu akamabwera akupeza mipando yatha."

"Koma anthuwa ndimawadziwa onse."

"Mumadziwa amene munawauza. Amene anauzidwa ndi iwowo mumawadziwa? Chinanso, kiyi wa rauta yeniyeniyo simunasinthe, akadali uja anabwera naye kusitolo, wolembedwa kunsi kwake. Ndiye kuti aliyense wokwera akhoza kukhala pachiwongolero. Wamtima woipa akhoza kukutsekerani kunja eni akenu, kapena kusuzumira m'kompyuta ya azakhali muli zithunzi za makasitomala."

Mayi Telala anagwira pakamwa. "Akwatibwi a anthu ali m'menemo, ena atangovala zoyezera!"

"Kupatsa n'kuika," anatero a Dalaivala, mawu atatsika.

"Mwaika chiyani, bambo? Mdzukulu wa timabokosi?"

A Dalaivala anayang'ana pawindo. Benchi linali lodzaza, ndipo mtima wawo unachita mantha enieni. Sankaopa akuba a pakompyuta, zimenezo zinali za mphwawo. Ankaopa benchi lopanda munthu, ndi masana aja aatali osamva wina akuti "a Dalaivala." Koma anakumbukiranso kakhutu kaja ka pafoni, kamene mwini wake anali asanamudziwe nkhope.

"Sintha," anatero. "Wosamva hutala amamva bampala."

Mphwayo anasintha kiyi wa rauta, kenako pasiwedi. Yatsopanoyo inali yaitali, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zitasakanikirana ndi manambala, ndipo anawabwerezetsa onse awiri mpaka inakhazikika m'mutu.

"Malume, iyi si ya moni ayi. Musauze munthu."

"Ine? Pakamwa panga ndi pa loko."

"Loko wake wa pachimbudzi cha kudepoti," anatero mayi Telala, akupondaponda makina.

Panja zinayamba kuoneka nthawi yomweyo. Mitu ija inadzuka umodziumodzi. Wina anakweza foni m'mwamba, wina anaigwedeza ngati botolo la mankhwala. Ometa anasuzumira pakhomo.

"Bwana wa netiweki, kodi yathawa?"

"Yapuma ntchito ngati ine," anayankha a Dalaivala. "Koma khalani, ndikuuzeni za tsiku lija ndinanyamula mbuzi pampando wakutsogolo."

"Ndasiya kasitomala pampando, ndibweranso."

Sanabwerenso. Owotcherera anakumbukira geti la munthu limene linkawadikira. Amene ankatsamira khoma anangosungunuka osatsanzika n'komwe. Lolemba masana a Dalaivala anakhala okha pabenchi, manja ali pamaondo, akumva kulira kwa makina a akazi awo. Zinawawawa, tisaname. Ena ankadutsa n'kukweza dzanja chapatali, ena ankayang'ana kumbali ngati aona wokhometsa msonkho.

Dzuwa litapendeka anamva ndodo ikugogoda pansi. Anali a Kalipentala, bolodi lili m'khwapa monga mwa masiku onse. Anayang'ana benchi mbali iyi ndi iyo, nakhala motakasuka, n'kutambasula mwendo wawo wovuta.

"Lero ndiye kuli malo," anatero, akuyala zitsekerero za mabotolo pabolodi.

A Dalaivala anawayang'ana nthawi yaitali. Munthu wotere ungamupatse chiyani? Anasuzumira m'shopu, naona akazi awo ataweramira nsalu. Anasendera pafupi n'kunong'oneza m'khutu mwa mnzawoyo pasiwedi yonse, chilembo ndi chilembo, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.

"Ndakumvani, bambo!" anakuwa mayi Telala osadzutsa mutu. "Loko uja wathyoka kale?"

A Kalipentala anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kafoni ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe.

"Mankhwala mwandiuzawo ndithire pati, achimwene? Aka kamangodziwa kulira ndi kuunikira. Ine ndimabwera kudzakudyani pabolodi, basi. Sewerani."

A Dalaivala anaseka mpaka misozi, ndipo anadyedwa zitsekerero zitatu nthawi imodzi osadandaula. Masewera asanathe, foni inalira m'shopu.

"Bambo! Thamangani!"

Patapata mmodzi anatsala pakhomo. Pafonipo mwana wawo ankayenda, ankayankhula, mawu ndi milomo zikuyendera limodzi. Anasendeza khandalo pafupi, n'kulivula kachipewa. Zonse zinaoneka: tsitsi lonyowa ndi thukuta, timaso totupa ndi tulo, kamphuno kophwatalala. Kenako khandalo linayasamula, n'kukwinya chipumi ngati munthu amene wapatsidwa chenje chosakwana.

"Mayo ine, chipumi cha agogo ake!" anatero mayi Telala, akupukuta maso ndi kansalu kodula. "Mwana wosalakwa n'kutengera zimenezi."

"Ababa, mwangoti chete bwanji?" anafunsa mwana wawo. "Kapena yaimanso?"

"Siinaime, mama," anatero a Dalaivala. "Ndaima ndine."

Anatenga foniyo ndi manja awiri, mosamala ngati anyamula khanda lenilenilo, n'kutuluka nayo panja. Pabenchi panali malo ambiri. Anakhala pafupi ndi a Kalipentala, mapewa atagundana, n'kuwaonetsa.

"Uyu ndi mdzukulu wanga. Iwe, awa ndi anzanga, apatse moni."

A Kalipentala anavula chipewa.