VPN ya Alamu Ikudontha

"VPN yanu ikudontha, alamu."

Alamu, mkulu wa zamalonda pakampanipo, anasuzumira pansi pa desiki, kenako anayang'ana kudenga.

"Pouma ponseponse pano, mlamu. Ikudontha pati?"

Mayi wa makompyuta anapumira m'mwamba. Bamboyu anakwatira mkulu wake, ndiye kumukalipira sikukanatheka. Mayiyo anatseka chitseko n'kuika pepala padesiki. Unali mndandanda wa mawebusaiti amene antchito anatsegula sabata imeneyo, ndipo unkapita kwa mwini kampani Lachisanu lililonse. Tsikulo linali Lachisanu. Pamzere wa kompyuta ya alamu panali webusaiti ya kampani yopikisana ndi yawoyi, imene inali italengeza kuti ikufuna mkulu wa zamalonda. Anaitsegula maulendo makumi anayi ndi atatu.

"Zosatheka," anatero alamu akukonza tayi. "Ine pa intaneti sindioneka, VPN imandibisa. Si ine ndinakuphunzitsani nonse za VPN pamsonkhano?"

"Munatiphunzitsadi, maola awiri. Koma kompyuta isanapite kulikonse imayamba yafunsa njira, ndiye DNS imeneyo. Yanuyi imafunsa kwa seva, kompyuta yaikulu ya muno. Mwavala chipewa mpaka m'maso, koma mukufunsa mlonda wathu wapageti kuti, 'Kwa adani athu ndidzere kuti?'"

Mayiyo anatsegula webusaiti yoyezera kudontha pakompyuta ya alamu. Pasikirini panatuluka dzina la kampani imene imapereka intaneti mu ofesimo. Analowa mu VPN muja n'kupeza kabatani koletsa kudontha kali kozimitsa.

"Ndinakazimitsa ndine," anatero alamu monyadira. "Ndimaona ngati kamachedwetsa zinthu."

"Ndaona."

Anakayatsa n'kuyezanso. Tsopano panatuluka maseva a VPN okhaokha.

"Basi, zatheka! Tsono fufutani kamzereko, ndife pachibale."

"Bowo ndatseka, alamu, koma zomwe zinadontha zinadontha. Mndandanda sindiukhudza. Ndikaupereka 2 koloko. Ngati ntchito yanuyi mukuifunabe, kafikeni kwa bwana ine ndisanafike."

Alamu anakonzanso tayi, ngakhale inali yokonzakonza, n'kutuluka.

Patapita theka la ola anatulukira pakhomo pa ofesi ya mayiyo, thukuta lili kamukamu. Anali atauza bwana kuti ankafufuza adani awo mwakachetechete. Bwana anasangalala kwambiri, ndipo anafuna lipoti la masamba makumi awiri pofika Lolemba.

"Mlamu," ananong'ona, "pawebusaiti yawo ija, kupatula pofunsira ntchito, pali zinanso zoti munthu n'kuwerenga?"