Dzina la Surayya pa Mwala

Zaka makumi anayi ndi zinayi ndakhala ndikulemba maina a anthu mu Lahore muno ndi cholembera cha bango ndi inki. Makadi a ukwati, zikwangwani za mashopu, miyala ya manda a anthu amene sindinawaonepo n'kamodzi komwe. Mkazi wanga Surayya ankati akamandipatsa tiyi amati, "Inu bambo a Shagufta, wogulitsa mapazi a mbuzi uja munamulembera dzina ndi maluwa omwe. Langa mudzalemba liti?" Ine ndinkangoti mawa. Mawa lakelo linafika iye ali kale m'manda.

Mwala wake unayenera kuimikidwa Lachisanu, tsiku la makumi anayi chimwalirireni. Boota, wosema miyala ya manda, anasiya kale kusema ndi manja. Ali ndi chimakina chimene chimangotsata zomwe kompyuta yachiuza. Ndinamutengera dzinalo papepala, iye n'kulijambula, koma pa mwala woyesera makinawo anatafuna m'mphepete monse, chifukwa amatsata ngakhale pomwe inki yangomwerera pang'ono.

"Ustad ji, mukalembe pa tabuleti," anatero Boota, ponditchula mwaulemu kuti mphunzitsi. "Ikakwana swala, pemphero la masana, Lachitatu la sabata yoimika mwalayo musanabweretse, ndingoikapo zilembo za m'kompyuta. Mwala umafuna masiku awiri."

"Zilembo za pa paketi ya sopo zija? Pa manda a mkazi wanga?"

"Akufa sawerenga, Ustad ji."

Ndikanakhala ndi mphamvu zanga zakale, bwenzi nditamutchaya khofi pomwepo.

Mwana wanga Shagufta, amene amaphunzitsa masamu kusukulu ya atsikana, anabwereka tabuleti yakalekale kwa mnzake, pamodzi ndi cholembera chake. Masabata atatu ndinalimbana nacho chigalasicho. Kuterera kwake! Ndikati ndikoke mzere, cholembera chathawa. Ndikati ndiime, chapitirira. Ine amene ndinaphunzitsa anthu oposa zana, ndinkalemba ngati nkhuku yapalasa. Ndinayamba kuchita mantha enieni, moti chakudya sichinkalowa.

Lachiwiri madzulo Shagufta anabwera ndi kapulasitiki kopyapyala kuchokera kumsika wa mafoni, n'kukamata pagalasipo mosamala.

"Ndayenda mashopu khumi ndi anayi," anatero. "Ka saizi imeneyi kanatsala kamodzi komweka. Akuti kamagwira cholembera. Ndi pepala basi, Abba ji. Mukatenge ngati pepala lanu lomwe lija."

Sindinayese tsiku limenelo. Ine sindilemba dzuwa likapendeka, ndipo dzina limeneli ndinkafuna kulilemba m'mawa nditasamba m'manja.

Kutacha Shagufta anathamangira kusukulu kukayang'anira mayeso. Ine ndinayala mkeka pakhonde, n'kuyendetsa chala pa kapulasitiki kaja. Kanali kokhakhala. Ndinapukusa mutu. Ana amakono! Akugulitsa pepala losakonza.

Mphunzitsi wanga, Mulungu amukhululukire, ankatimenya zala tikaika bango pa pepala losakonza, ngakhale kadontho kamodzi koyesera. Pepala limayamba lakwechedwa ndi kamwala kosalala mpaka liwale, kuti bango liyende ndipo lisadyeke. Chaka changa choyamba chonse ndinkangokwecha mapepala, osalemba. Ndiye dzina la Surayya ndikanaliika bwanji pa chinthu chokhakhala? Ndinatulutsa kamwala kanga m'thumba, kamene anandisiyira mphunzitsiyo, n'kugwira tabuleti pakona ndi chala chachikulu. Ndinakwecha kuchoka kumanja kupita kumanzere, kenako kuchoka pamwamba kutsika. Ndinatha ola lathunthu, thukuta kamukamu, mtima uli mbee. Ndinkaona ngati ndikumukonzera mkazi wanga pogona.

Nditaika cholembera, chinaterera kuposa pagalasi paja.

Shagufta anandipeza cha m'ma teni koloko nditakhala phee, tabuleti ili waliwali pamiyendo.

"Abba ji, mwatani?"

"Ndakonza pepala."

"Mwakonza? Kukhakhala kumeneko ndi komwe ndinagula! Ndi komwe kamagwirira cholembera!"

"Iwe si unati ndikatenge ngati pepala langa? Pepala langa ndimatani nalo? Unakulira m'nyumba ya ndani iwe?"

Anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba kutsika. Ine ndinapitiriza kumukalipira, chifukwa ndikanasiya ndikanalira ndine.

Shagufta anaimbira foni mwini shopu imene anagulako kapulasitikiko. Ndinamumva ndili apo akuseka mpaka kutsokomola. "Akwecha ndi mwala? Achemwali, auzeni madalawo abwere adzandikwechere pansi m'shopu muno!" Mapulasitiki ena, anati, adzafika pakatha masabata awiri. Shagufta anaimbira mashopu ena atatu, konse kunalibe.

Ndinayesa zonse zimene ndikudziwa. Ndinawaza choko chopera, monga timachitira pepala likachita mafuta, koma chinangouluka. Ndinayala pepala lenileni pamwamba, mzere n'kumadukaduka. Ndinaimbira Boota, ine Inayat amene sindinapemphepo munthu kanthu, n'kumuchonderera kuti andidikire mpaka mawa.

"Ustad ji, pali maliro ena asanu pamzere. Nanga ndiwauze kuti asafe kaye?"

Ileveni koloko inadutsa. Ndinakhala pansi n'kunena mokweza kuti, "Surayya, ndalephera. Zaka zonsezi unandipempha chinthu chimodzi." Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Shagufta anatenga tabuleti kuti achotse kapulasitikiko akataye. Chala chake chitafika pakona, anaima.

"Apa simunakwechepo."

Panali pomwe chala changa chachikulu chinagwira. Kamalo kochepa ngati bokosi la machesi kanali kakadali kokhakhala. Ndinaikapo cholembera n'kukoka. Chinagwira! Chinalira tswee, monga limalirira bango labwino. Tsitsi linandiima.

"Koma dzina silingakwane apa," ndinatero.

"Inu muzilemba pakonapo, ine ndizisuntha tsamba pansi pa dzanja lanu."

"Dzina limalembedwa ndi mpweya umodzi, mwanawe. Sungaliduledule ngati nyama."

"Ndiye sankhani, Abba ji. Loduladula lanu, kapena la sopo."

Ankayankhula ngati mayi ake ndithu.

Tinakhala mawondo atagundana. Ine kukoka pang'ono, kuima, iye kusuntha ndi zala ziwiri, ine kupitiriza pomwe ndinasiyira. Dzina lonse sindinkaliona, ndinkangoona kachidutswa kokhala pansi pa cholembera. Kawiri ndinamukalipira kuti wasuntha kwambiri, kawiri tinafufuta. Kachitatu nthawi yofufuta panalibe.

Anandikweza panjinga yake yamoto, ine nditakumbatira tabuleti pachifuwa. Tinalowa pabwalo la Boota azana yoitanira anthu kupemphero la masana itayamba kale kumzikiti. Boota anali atatsegula zilembo zake zija pakompyuta.

Apo mpamene ndinaliona dzinalo lathunthu koyamba. Mzere wautali wapakati unali ndi mfundo zitatu pomwe ndinkaima. Kumapeto kunapendekera pansi. Wophunzira wanga akanandibweretsera zimenezi ndikanang'amba pamaso pake.

"Mmm, Ustad ji," anatero Boota akukanda ndevu. "Nditha kuliwongola. Kompyuta imasalaza zonsezi, palibe angadziwe."

Shagufta anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mfundo zitatu zija. Pa iliyonse panali pomwe dzanja langa linadikira dzanja la mwana wa Surayya.

"Usaligwire," ndinatero. "Sema momwe liliri."

Lachisanu tinaimika mwalawo. Anthu atamaliza kupemphera n'kuyamba kubwerera, ndinagwada n'kuyendetsa chala m'zilembomo. Munali mokhakhala, makina aja sasalaza mkati. Sindikudziwa kuti dzanja langa linalowa nthawi yanji m'thumba, koma ndinangoona kamwala kaja kali kale m'manja.

Shagufta anandigwira pamkono.

"Musakwechemo, Abba ji. Amayi awerenga kale."

Ndinaika kamwalako pansi, pafupi ndi dzina la Surayya, ndipo ndinalira mpaka wosamala manda anabwera kudzationa.